Kuveka Mikono ya Sofa Yakutha: Kusamala Kapena Kunama?

Pa mpando wa sofa, malo amene amayamba kutha ndi mikono yake, pamene munthu amatsamiritsa zigongono akakhala ndi pamene amagwira akamadzuka. Kumsana ndi pokhalira pamakhala pakadali polimba, koma pamikono nsalu imakhala itada, itapyapyala, mwinanso itang'ambika mpaka siponji kuonekera. Mabanja ambiri sataya mpando wotere, ndipo si onse amene angakwanitse kuutengera kwa mmisiri kuti akaukute wonse ndi nsalu yatsopano. M'malo mwake amasoka tinsalu tovekera mikonoyo, mpando n'kupitiriza kulandira alendo. Ntchitoyi ndi yaing'ono, yotha tsiku limodzi, koma imadzutsa funso limene a zipembedzo ndi anthu ozama m'maganizo akhala akulimbana nalo kuyambira makedzana: munthu akaphimba chilema kuti anzake asachione, kodi wasamala kapena wanama? Yankho limadalira zinthu zitatu: chimene chaphimbidwa, amene akubisiridwa, ndi zimene zikuchitika kunsi kwa nsaluyo.

Chimene chimadya mikono ya sofa

M'kati mwa mkono wa sofa muli thabwa. Pokhalira pamakhala siponji yochindikala, nthawi zina ndi masipuling'i, koma pamkono siponji ndi yopyapyala, choncho nsalu imapanikizika pakati pa chigongono ndi ngodya ya thabwalo. Kukhuzika kwa tsiku ndi tsiku kumadula ulusi umodziumodzi. Thukuta ndi mafuta odzola zimalowerera m'nsalu, fumbi n'kumamatirira pomwepo, ndipo timchenga ta m'fumbilo timapala ulusi nthawi iliyonse imene mkono wa munthu wadutsapo. Ana amakwerapo, akulu amaikapo kapu ya tiyi, mphaka amanolerapo zikhadabo, ndipo mbali yoyang'ana kuwindo imasuluka ndi dzuwa. Sofa ya chikopa chochita kupanga imatha mwa njira ina: kakhungu kake kapamwamba ka pulasitiki kamafooka ndi chinyontho ndi thukuta, kenako kamasweka n'kumasupuka tizidutswa tomamatira kumalaya a wokhalapo.

Kutha kwa mtundu uwu si mlandu wa munthu aliyense. Mpando umene watha mikono ndi umene anthu akhala akuukhalira. Wosunga nsalu yake zaka khumi ndi wa m'chipinda chotsekedwa. Mfundoyi ndi yofunika pa funso lonseli, chifukwa kuphimba kutha kwa chinthu n'kosiyana ndi kuphimba cholakwa chimene munthu wachita.

Kasokedwe kake

Wosoka wodziwa ntchito amayamba ndi pong'ambikapo. Siponji ikakhala itadyeka amatsekapo kachidutswa kena kuti ngodya ya thabwa isabaye nsalu yatsopano. Kenako amakumanitsa milomo ya pong'ambikapo ndi singano yamanja, makamaka yokhota, kapena amasokererapo chigamba cholimba. Akadumpha ntchito imeneyi, kung'ambikako kumapitirira mwakachetechete kunsi.

Nsalu yoyenera ndi yolimba ndiponso yochapika: jinzi yakale, nsalu ya makatani ya pakaunjika, kapena chitenje chochindikala choikiridwa nsalu ina kunsi. Isanadulidwe imachapidwa, kuyanikidwa ndi kusitidwa. Nsalu ya thonje imafupika ikakumana ndi madzi koyamba, sitachi woumitsa chitenje chatsopano amachoka, ndipo utoto wosagwira umadziulula m'beseni m'malo modzadziulula pampando.

Chovekera chilichonse chimakhala ndi zidutswa ziwiri. Choyamba ndi chachitali chodutsa pamwamba: tepi imayambira m'kati mwa mkono, kukwera, kudutsa pamwamba, n'kutsikira kunja. Mkono wotambalala masentimita 20 umene nsalu ikufunika kulendewera masentimita 15 mbali iliyonse umafuna masentimita 50, kuwonjezerapo masentimita 2 mbali iliyonse opindira m'mphepete. Chachiwiri ndi cha kumaso kwa mkono. Wosoka amagwiriza pepala la nyuzipepala kumasoko, amajambula mozungulira ndi pensulo, n'kudula nsalu motsatira pepalalo atasiya sentimita 1.5 ya msoko. Chitenje chimodzi cha mamita 2 chimatha kukwanira mikono 6 ya masofa atatu, bola ngati maluwa ake sakufuna kulinganizidwa.

Zidutswazo zimalumikizidwa ndi mapini pamkono pomwepo, nsalu itatembenuzidwa kuti kunsi kwake kukhale kunja. Zikavulidwa zimasokedwa pamakina kapena pamanja, m'mphepete mwa msoko pamalo okhota mumadulidwa timipata kuti pasakwinyike, kenako chovekeracho chimatembenuzidwa. Pamkono wopiringikira kunja pali msampha umene umakola oyamba kumene: chimene chapimidwa chotembenuza pamkono wamanzere chimadzakwana mkono wamanja. Pomaliza, mbali yam'kati imalowetsedwa pakati pa kushoni ndi mkono, ndipo ena amawonjezera lasitiki kapena tizingwe kuti isamaterereke.

Chinthu chosokedwa motere chili ndi makhalidwe atatu. Chimaoneka, chifukwa m'mphepete mwake muli poyera. Chimavulika, chifukwa sichinasokeredwe kumpando. Chimachapika, chifukwa ntchito yake ndi kulandira litsiro m'malo mwa nsalu ya kunsi.

Kumene chizolowezichi chinachokera

Kuyala tinsalu pamipando kunafala kwambiri ku Britain m'zaka za m'ma 1800. Amuna a nthawiyo ankadzola m'mutu mafuta otchedwa Macassar, dzina lochokera ku doko la Makassar pachilumba cha Sulawesi ku Indonesia, ndipo amene anawatchukitsa ndi a banja la Rowland a ku London. Mafutawo ankadetsa mipando, choncho pofika cha m'ma 1850 m'nyumba zambiri munali tinsalu toluka toyala kumsana ndi pamikono ya mipando, totchedwa antimacassar. Kansalu kamene kamakhala potsamira mutu m'ndege, m'sitima ndi m'mabasi ena a maulendo ataliatali kanachokera kumeneko. Madoilo oluka pamanja amene amakongoletsa masofa m'nyumba zambiri ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ali m'gulu lomweli.

Mbiriyi ikuonetsa kuti tinsaluti tinayamba ngati totchinjiriza mipando yabwinobwino. Mpaka lero ena amaveka mikono ya sofa tsiku lomwe aigula. Woona chovekera sangadziwe ngati kunsi kuli nsalu yonyezimira kapena siponji yodyeka, ndipo amadziwanso kuti sakudziwa.

Mlandu wotsutsa kuphimba

Otsutsa ali ndi mfundo zolemera. Mwambi wa makolo umachenjeza za chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu Mateyu 23, Yesu anayerekeza alembi ndi Afarisi ndi manda opaka njereza, okongola kunja koma m'kati modzaza mafupa, ndiponso ndi chikho chotsuka kunja kokha. Pa 1 Samueli 16, mneneri amene anapita kukadzoza mfumu anauzidwa kuti asatengeke ndi msinkhu kapena nkhope, chifukwa Mulungu amayang'ana mumtima. Yakobo 2 amadzudzula msonkhano umene umapatsa malo abwino munthu wovala mphete yagolide, wosauka wa zovala zakuda n'kumuuza kuti aimirire.

Potengera zimenezi, wotsutsa amati kansalu ka pamkono wa sofa ndi mbewu yaing'ono ya chinyengo chachikulu. Banja likuchita manyazi ndi umphawi wake, ndiye likudzionetsa ngati lopeza bwino. Potero likuvomereza chiweruzo cholakwika chakuti munthu amayezedwa ndi mipando yake, ndipo likuphunzitsa ana kuti chofunika ndi chimene alendo aona. Woona mtima, malinga ndi maganizo awa, asiye mpando uoneke mmene ulili, kapena autaye n'kugula wina.

Mbali yomalizayi ndi yosavuta kuyankha. Kutaya mpando wolimba chifukwa cha kachigawo kamodzi kong'ambika kulibe chilungamo chilichonse choposa kuusoka. Ndi kuwononga basi. Pa Yohane 6, anthu atakhuta, Yesu analamula kuti makombo atoledwe kuti pasatayike kanthu, ndipo anadzaza mitanga 12. Qur'an, pa sura 7 ndime 31, imaletsa kuwononga mopyola muyeso, ndipo Aisha, mkazi wa Mtumiki Muhammad, anasimba kuti mwamuna wakeyo ankasoka yekha zovala zake ndi kukonza nsapato zake. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anadzudzula chikhalidwe chogwiritsa ntchito zinthu kanthawi kochepa n'kutaya. Pa nkhani ya kusamala katundu, wosoka alibe mlandu. Chotsala ndi funso la bodza.

Kubisa ndi kunama

Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anali wouma kwambiri pa nkhani ya bodza: ankaphunzitsa kuti palibe bodza lololedwa, ngakhale lopulumutsa moyo. Komabe m'buku lake lotsutsa bodza la m'chaka cha 420 anasiyanitsa kunena zabodza ndi kusaulula zoona. Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, anatsatira njira yomweyo, ponena kuti n'kololedwa kubisa choona mwanzeru, pamene kunama sikuloledwa. Onse awiri ankaona kuti munthu sakakamizidwa kuonetsa aliyense chilichonse. Akanakhala wokakamizidwa, chitseko, katani ndi chovala chenichenicho zikanakhala machimo.

Bodza limafuna kuti wina akhulupirire chimene sichili choona. Chovekera pamkono wa sofa sichinena kuti mpando ndi watsopano. Mlendo aliyense amene anakula m'nyumba ya masofa amachizindikira, ndipo chikakhala cha chitenje chosiyana ndi nsalu ya mpando chimachita kulengeza kuti pano padutsa singano. Akatswiri okonza nyumba zakale za mbiri anagwirizana mfundo yofanana ndi imeneyi ku Venice mu 1964: chigawo chobwezeretsedwa chigwirizane ndi nyumba yonse, koma chizidziwika kuti n'chatsopano, kuti kukonzako kusanamize mbiri. Kukonza koonekera kumavomereza kuti chinthu chinawonongeka.

Buku la Genesis lili ndi nkhani ziwiri zothandiza pa mfundoyi. Kusoka koyamba kotchulidwa m'Baibulo kuli m'mutu 3: Adamu ndi Hava atadya chipatso anasoka masamba a mkuyu, n'kukabisala m'mitengo. Mulungu anawafunsa, nkhani yonse inatuluka, chiweruzo chinaperekedwa, ndipo pambuyo pake Mulungu mwini anawapangira zovala zachikopa n'kuwaveka. Kuphimba kukuchitika kawiri m'mutu umodzi. Koyamba kunali kothawa amene anali ndi ufulu wofunsa. Kachiwiri kunabwera choona chitadziwika kale, ndipo kunali kosunga ulemu wa anthu olakwa.

M'mutu 9, Nowa analedzera n'kugona wamaliseche m'hema. Mwana wake Hamu anaona n'kukauza abale ake panja. Semu ndi Yafeti anatenga chofunda pamapewa, n'kuyenda chafutambuyo mpaka kufunditsa bambo wawo osawayang'ana. Palibe amene ananamizidwa pamenepo, pakuti onse atatu ankadziwa mmene zinalili. Chofundacho chinangothetsa kuyang'anitsitsa, ndipo amene anadalitsidwa ndi ofunditsawo. Chisilamu chili ndi chiphunzitso chofanana: m'mabuku a hadith (zonena za Mtumiki Muhammad) a Bukhari ndi Muslim mwalembedwa kuti wobisa chilema cha Msilamu mnzake, Allah adzamubisira chake pa tsiku la chiweruzo.

Nanga za manyazi a umphawi? Kukonza pamalo pofikira mlendo ndi mwambo wakale kuposa sofa. Kumudzi, ukwati kapena Khirisimasi ikayandikira, amayi amazira nyumba ndi dothi latsopano, kutseka ming'alu ya pakhonde, ndipo palibe amene amati akunamiza alendo kuti nyumbayo yamangidwa dzulo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nthawi yochepa imene wakhala iyenera kukhala yaulemu, malaya ake osada, chigongono chake chosabayidwa. Ulemu ndi manyazi zimasiyana pamene kansalu katerereka mlendo ali pomwepo. Wochita mwaulemu amakabwezera akuseka, amvekere: “Pepani, mipando yathu ndi yomweyi, inatha kalekale.” Wochita mwamanyazi amakalipira mwana amene wakakoka, nkhope itagwa. Wotsutsa uja akunena zoona za munthu wachiwiriyu, koma vuto lake lili mumtima mwake, ndipo likhalapobe ngakhale atagula sofa yatsopano.

Pamene kuphimba kumasanduka chinyengo

Sofa yomweyo ikaikidwa pamalonda, nkhani imasintha. Mlendo sataya kanthu posadziwa za kunsi kwa chovekera, koma wogula amapereka ndalama molingana ndi zimene akuganiza kuti zilipo.

Cicero, m'buku lake la De Officiis limene analemba ku Italy m'chaka cha 44 Yesu asanabadwe, anafotokoza za munthu wogulitsa nyumba imene ali yekha wodziwa zilema zake: ndi yodwalitsa, m'zipinda mumapezeka njoka, ndipo mitengo yake ndi yosalimba. Anaonetsa mkangano wa aphunzitsi awiri. Diogenes wa ku Babylon ankati wogulitsa sanakakamize munthu kugula, ndipo kukhala chete si kunama. Wophunzira wake Antipater wa ku Tarsus ankati kusiya munthu alowe m'chitayiko chachikulu chifukwa cha kusadziwa n'koipa kuposa kukana kulozera njira munthu wosochera. Cicero anaima ndi Antipater, ndipo anapereka muyeso womveka bwino: si kukhala chete konse kumene kuli kubisa, koma kumakhala kubisa pamene munthu akufuna, chifukwa cha phindu lake, kuti ena asadziwe chinthu chimene chikuwakhudza.

Aquinas anawonjezera kusiyana kwa chilema choonekera ndi chobisika. Anapereka chitsanzo cha kavalo wa diso limodzi: wogulitsa sakakamizidwa kulengeza chimene aliyense akuona, bola atsitse mtengo moyenera. Koma chilema chobisika chimene chingabweretse ngozi kapena chitayiko chiyenera kunenedwa. Chovekera chimatenga chilema choonekera n'kuchisandutsa chobisika, choncho wogulitsa amene wachisiya pamkono wadziikira yekha udindo wonena kapena wovula.

Mu Sahih Muslim muli nkhani yofika pamfundo yomweyi. Mtumiki Muhammad anadutsa pamulu wa chakudya chogulitsa, anapisamo dzanja, zala zake n'kunyowa. Mwini malonda anati chinavumbwa ndi mvula. Mtumiki anamufunsa chifukwa chimene sanaike chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, ndipo anati wonyenga sali m'gulu lake. Chipembedzo chomwe chimayamikira kubisa chilema cha m'bale chimaletsa kubisa chilema cha malonda, ndipo palibe kutsutsana, chifukwa kubisa koyamba kumateteza mnzako pamene kwachiwiri kumamubera. Malamulo a dziko amatsata njira yomweyo. Ku Malawi lamulo loteteza ogula la mu 2003 limaletsa kusocheretsa wogula pa za ubwino wa katundu.

Si wogula yekha amene ali ndi ufulu wodziwa. Wochita lendi nyumba ya mipando kale, akang'amba mkono wa sofa n'kuuveka kansalu kuti mwini nyumba asaone pa tsiku lotuluka, wanama ngakhale asanatsegule pakamwa. Chimodzimodzi wobwereka mipando ya mnzake pa chinkhoswe n'kuibweza itavekedwa. Kansalu, ulusi ndi msoko n'zomwezo, chasintha ndi munthu amene akubisiridwa.

Chigamba chatsopano pa chovala chakale

Funso lachitatu ndi la zimene zikuchitika kunsi. Yesu atafunsidwa chifukwa chimene ophunzira ake sankasala kudya monga a Yohane ndi Afarisi, anayankha ndi fanizo la osoka. Pa Marko 2:21 ndi Mateyu 9:16 akunena za chigamba cha nsalu yatsopano yosafupika chosokeredwa pa chovala chakale: chikadzafupika chimakoka nsalu yofooka ija, chibowo n'kukula kuposa poyamba. Pa Luka 5:36 fanizoli likubwera mwa njira ina: wong'amba chovala chatsopano kuti apeze chigamba wawononga chatsopanocho, ndipo chigambacho sichigwirizana ndi chakale. Tanthauzo lenileni la fanizoli ndi lakuti uthenga umene Yesu anabweretsa sukanangosokeredwa pa miyambo imene inalipo. Komabe likutsamira pa chinthu chimene telala aliyense amadziwa, chakuti kukonza kuli ndi malire, ndipo kukonza kosayenera kumawonjezera kuwonongeka.

Chovekera chosasokeredwa kumpando sichikoka nsalu yakale monga chimachitira chigamba, koma chili ndi ngozi yakeyake: chimachotsa chilema pamaso pa mwini wake yemwe. Nsalu yong'ambika ikasokedwa kaye, chovekera chimaitchinjiriza ndipo mpando umakhalitsa. Koma pali zilema zimene nsalu singathandize. Thabwa likafumbwa, mkono umagwedera mpaka tsiku limene nkhalamba idzautsamira podzuka. Msomali wotuluka umaboola chovekera n'kubaya wokhalapo. Nsikidzi zimakonda m'misoko ndi m'mapindo, choncho nsalu yowonjezera imangozipatsa malo ena obisala. Pamenepa mlendo uja, amene poyamba analibe chotaya, wasanduka munthu wofunika kudziwa, chifukwa thupi lake lili pangozi. Apa mpamene fanizo la manda opaka njereza limagwira: Yesu sanadzudzule njereza, anadzudzula kusiya m'kati mosatsuka, ndipo analamula kuti m'kati mwa chikho muyambe mwayera.

N'chifukwa chake kuvulika kwa chovekera kuli kofunika. Kansalu kamene kamavulidwa kukachapidwa kamakakamiza mwini mpando kuona kunsi nthawi ndi nthawi. Kamene kanavekedwa kamodzi osavulidwanso kamamuiwalitsa, ndipo woyamba kunamizidwa amakhala iyeyo.

M'banja ndi mumpingo

Mafunso atatu omwewa amagwiranso ntchito pa zilema za anthu, ndipo kumeneko nkhani imakula. Pachilangizo, anankungwi ndi ankhoswe amauza akwati kuti za m'nyumba sizituluka kunja, ndiponso kuti banja n'kupirira. Langizoli lili ndi nzeru. Kusowa kwa ndalama, kufooka kwa mwamuna kapena mkazi, kuchedwa kwa mphatso ya mwana, mkangano umene unakambidwa n'kutha, zonsezi ndi kutha kwa tsiku ndi tsiku kumene kumabwera anthu akakhalira limodzi, ndipo anthu a pachitsime kapena pa WhatsApp alibe chotaya posazidziwa. Wolengeza zotere akuchita za Hamu.

Baibulo limasiyanitsa mitundu iwiri ya kubisa. Pa 1 Petro 4:8 ndi Miyambo 10:12, chikondi chikuyamikiridwa chifukwa chimakwirira zolakwa za ena. Pa Miyambo 28:13, wobisa zolakwa zake akuchenjezedwa kuti zinthu sizidzamuyendera, pamene wovomereza n'kuzisiya adzachitiridwa chifundo. Munthu amafunditsa mnzake, koma zake amaulula kwa woyenera kumva. Mateyu 18 amaonetsanso kuti kusunga chinsinsi kumayendera limodzi ndi kukonza: wolakwiridwa ayambe wakamba ndi m'bale wake ali awiri, zikakanika atenge mmodzi kapena awiri, zikakanikanso auze mpingo. Chinsinsi chimasungidwa pamene kukonza kukuyenda, ndipo chimatambasuka pamene kukonza kwakanidwa.

Langizo la anankungwi limapotozedwa likagwiritsidwa ntchito pa zilema zimene zikukula kapena zikuvulaza. Mayi womenyedwa akauzidwa kuti apirire kuti dzina la banja lisaipe, mwana wogwiriridwa akatsekedwa pakamwa chifukwa wolakwayo ndi malume kapena mkulu wa mpingo, munthu akabisira mnzake wa m'banja matenda opatsirana kapena ngongole imene yapinyolitsa nyumba, msungichuma akadya zopereka akuluakulu n'kugwirizana kuti nkhani ithere m'chipinda, pamenepo pali munthu amene akutaya chifukwa cha kusadziwa kapena kusamveka. Katswiri wa Chisilamu al-Nawawi, amene anamwalira mu 1277, pofotokoza hadith ya kubisa chilema ananena kuti siteteza munthu wodziwika ndi kuvulaza ena, ndipo kuti kuulula zilema za mboni ndi za osunga chuma cha ana amasiye n'kofunika pakakhala chifukwa. Ku Malawi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 anatulutsa nkhani zotere m'gulu la zinsinsi za m'nyumba, ndipo kupolisi kuli maofesi othandiza ochitiridwa nkhanza.

Muyeso wake

Kuphimba pakokha si bodza ndipo si chilungamo. Kumakhala kusamala ngati chophimbidwacho ndi kutha wamba kapena cholakwa chimene chavomerezedwa kale, ngati wosaonayo sakutayapo kanthu, ndiponso ngati kunsi kwakonzedwa ndipo kukuyang'aniridwa. Kumakhala chinyengo chimodzi mwa zitatuzi chikasowa: pamene chobisidwa ndi mlandu wosavomerezedwa, pamene wobisiridwa ndi wogula, mwini katundu kapena munthu amene ali pangozi, kapena pamene nsalu yalowa m'malo mwa singano ndi hamala. Banja limene lasoka pong'ambika, lachapa chitenje, laveka mikono ya sofa yake n'kukhazikapo alendo silinanamize munthu. Tsiku logulitsa sofayo, tinsaluto tiyenera kuvulidwa wogula asanatchule mtengo.